A Naphiri ndi Chulu cha ku Eriya 12

A Naphiri ndi mayi anga aakulu, obadwa bere limodzi ndi mayi anga. Sukulu sanaiponde, ndipo pa kalata iliyonse amadinda chala. Koma nditapita kukakhala nawo ku Eriya 12 m'chaka cha 1975, nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndinawapeza ali ndi Chingerezi chomwe aphunzitsi anga sanandipatseko.

Ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa a Kayira. Bambo Norman Kayira anali a ku Rumphi, munthu wa mpando ndithu ku unduna wina, ndipo anachoka ku Zomba ndi malole oyambirira osamutsa likulu. Akazi awo, mayi Sophia, anali a ku Domasi. Ife tinkangoti abwana ndi adona. Adona anandilola kugona ndi amayi m'kachipinda ka antchito kuseri, koma anaikapo lamulo loti ndisamaoneke kumaso kwa nyumba. Choncho m'mawa ndinkatulukira pa kageti ka kumbuyo, n'kutsika wapansi kupita ku City Centre kukafunsa ntchito yotayipa, m'maofesi omwe ena anali asanaike n'komwe magalasi. Ndinkabwerako mapazi ali psuu ndi fumbi, ntchito osaipeza.

Nyumbayo inali yaikulu koma yozizira. Adona anali aang'ono kwa amayi ndi zaka khumi, komabe ankawaitana kuti iwe. Kabati ya shuga inali ndi loko, makiyi ali m'chiuno mwa adona. Kapu ya amayi inali yachitini, yopachika pa msomali panja pa khitchini kuti isakhudzane ndi za m'nyumba. Eni nyumba akafuna kukamba zoti wantchito asamve, ankalowa m'Chingerezi. Chitumbuka sichikanawathandiza, chifukwa adona sankachidziwa bwino, ndiponso Mchewa akatchera khutu amatolamo zambiri.

"Ameneyu samva kanthu," adona ankauza alendo, amayi ali pomwepo ndi thireyi m'manja. "Ngakhale mumutukwane m'Chingerezi angoti zikomo."

Nkhope ya amayi inkangokhala ngati chipupa.

Tsiku lina tikuchapa makatani pa sinki ya panja, anandifunsa motsitsa mawu.

"Iwe Zelifa, wasukuluwe, neva maindi n'chiyani?"

"Never mind? Ndiye kuti musadandaule, zilibe kanthu."

"Wanama."

"Ndi mmene zilili m'buku, amayi."

"Bukulo linayamba lagwirako ntchito kwa adona? Tsiku lija ndinaswa sosala anati neva maindi. Chinatsatira n'chiyani? Sabata yonse osandiyankha moni, Lachisanu n'kundikaniza kupita ku maliro kwa Chinsapo. Neva maindi ndiye kuti ndasunga."

Umo ndi mmene ankaphunzirira. Mawu ankawagwira ndi khutu, n'kuwasunga, n'kudikira chomwe chitsatire. Ankati mawu a Chingerezi ali ngati mbewa: usayang'ane una womwe yalowera, uyang'ane komwe itulukire. "We shall see" ankati ndi ayi wovala jekete. "That will be all" ndiye kuti choka. "Not in front of her" anawadziwa msanga, chifukwa akanenedwa maso onse ankatembenukira kwa iwo. Ine ndinali ndi mabuku, iwo anali ndi zaka ziwiri zoimirira pambali pa thebulo, ndipo tikatsutsana ndine ndinkagonja.

Chomwe chinkandidabwitsa n'chakuti sankachoka pa nyumbapo. Mzungu wina wa ku Eriya 10 anawatumizira uthenga kawiri kuti akagwire kwake, komwe antchito ankalandira yunifomu ndi sopo. Anakana. Ndinkaonanso kuti m'mawa uliwonse, asanaike ketulo pa chitofu, ankatenga tsache n'kupita kumapeto kwa mpanda, komwe kunali chulu chachikulu chokhala ndi mtengo wa matowo pamwamba. Ankasesa m'tsinde mwake, kamalo kakang'ono kwambiri, mwapang'onopang'ono, osati ngati munthu wosesa bwalo. Ndinaonerera miyezi iwiri ndisanalimbe mtima kufunsa.

"Pomwe pali galaja ya abwanapo," anatero, "panali nkhokwe ya apongozi anga."

Amayi anakwatiwa chitengwa, ndiye kuti anasiya kwathu ku Mitundu n'kutsatira mwamuna, m'mudzi womwe unali pamalo pomwepo mzinda usanabwere. Mwana wawo mmodzi yekhayo anabadwa wakufa. Wotereyu kwathu timati mtayo. Salira maliro, sapatsidwa dzina, ndipo amuna sapitako, sauzidwanso pomwe wagona. Amayi aakuluakulu amamutenga okha n'kukamuika m'dzenje losaya, chifukwa amati mukakumba kwambiri mwatseka mimba ya make. Amayi a m'mudzimo anamuika m'tsinde mwa chulu chija. Mimba inatsekekabe. Amuna awo, a Jobu, anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako.

Anthu oyeza malo atabwera ndi zikhomo zawo, anaitanitsa amuna pabwalo kuti awalozere manda. Amuna analoza manda aakulu, ndipo nkhalango yake inasiyidwa. Za m'tsinde mwa chulu amunawo sankazidziwa, ndipo mkazi sakanaimirira pabwalo kuzitchula. Mudzi unakwezedwa pa malole kupita cha njira ya ku Mchinji. Amayi anakhalako miyezi isanu n'kubwerera wapansi. Anaphikira amisiri omanga nyumbayo, ndipo itatha ankabwera pa geti tsiku ndi tsiku mpaka eni ake atafika n'kuwalemba ntchito.

Lachisanu lina la mwezi wa Sepitembala, abwana atangobwerera ku ofesi kuchoka ku chakudya cha masana, amayi analowa m'kachipinda kathu osapukuta m'manja.

"Geti ridi ofu iti ndimawadziwa," anatero. "Ananena za mphaka uja, mawa lake mphaka ali m'thumba ulendo wa ku Lingadzi. Ananenanso za mlonda uja wa chifuwa. Lero adona anena akuloza chulu, abwana n'kuvomera. Koma pali mchira wake sindinaugwire. Fesiti thing'i oni Mande."

"Ndiye kuti Lolemba m'mamawa, asanayambe china chilichonse."

Amayi anakhala pansi pa mphasa. Chiswe chinali chitadya mphuthu ya chitseko cha sitolo, ndipo adona anaganiza zogumula chulu chonse, dothi lake aumbire njerwa za khola la nkhuku. Wokumba anali a Zikhale, bambo wa m'dimba la maluwa, a ku Nathenje. Dzenje losaya lija khasu likanalipeza pa kachitatu.

Amayi anayamba ndi a Zikhale, omwe anali pansi pa mtengo kunola piki.

"Achimwene, chulu chija Lolemba mukachiyambire mbali ya kumpanda. Kapena munene kuti msana wavuta."

"Msana wanga uli bwino. Wavuta ndi wanu, wowerama ku chulu m'mawa ulionse. Munakwirirako chiyani, a Naphiri? Masupuni a adona?"

"Sindingakuuzeni."

"Nanga ine ndiluze ntchito chifukwa cha sindingakuuzeni? Mudyetsa ana anga ndinu? Ine Lolemba ndiyambira pomwe mumasesapo. Tione masupuniwo."

Loweruka m'mawa anapita kwa adona. Ameneyu ndi mkazi mnzawo, ndiye akanatha kumuuza. Ine ndinali kuseri kwa zenera la khitchini, ndikusenda mbatata. Amayi anagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, mwachidule, mawu ali pansi. Adona anasiya kusefa ufa wa keke.

"Ukuti pa puloti yanga pali chiyani?"

"Mwana wanga, adona."

"Ndiye zaka zonsezi ukundiphikira tiyi, manja omwewo ukuchokera nawo ku manda? Iwe ndiwe mfiti eti? Zachikunja zimenezo pano ayi. Pano ndi pa boma, si pamudzi pa amuna ako. Ndiye bwino achichotse msanga. Mafupawo ukawapeza utengere kwanu m'chitenje."

"Adona, ndapota nanu."

"That will be all."

Amayi anadzuka. Amenewo sanafunike womasulira.

Anatsala abwana okha, ndipo abwana ndi mwamuna. Masana onse amayi anathera pa nsimbi. Atamaliza kusita malaya a kutchalitchi anandiitana.

"Undipatse mawu. Ndikawauza m'Chingerezi."

"Bwanji osangonena m'Chichewa? Amamva."

"M'Chichewa pakamwa panga sipangatseguke. Mwamuna sauzidwa za mtayo. Koma Chingerezi si pakamwa panga, mulibe mwambo mmenemo. Ndiponso waona wekha. M'nyumba muno chopemphedwa m'Chichewa chimayankhidwa wi shalo si. Wobwera ndi Chingerezi amamukhazika pampando."

Ndinawapatsa ziganizo zitatu zazifupi: kuti mwana wanga anamwalira, kuti ali pansi pa chulu, kuti chonde musakumbe. Anazibwereza akupinda zovala, anazibwereza akutsuka mapoto, lilime likukana. Zitakhazikika anati, "Mutu wake ndili nawo kale," n'kunena mawu omwe sindinawaphunzitse, omveka bwino kuposa anga aja.

"This is strictly between us. Don't repeat it anywhere."

"Amenewo mwawatenga kuti?"

"Kwa abwana. Akabwera a Felton aja, anzawo a ku ofesi, amakhala pakhonde. Akafika pa nkhani yolemera, abwana amayang'ana ku geti n'kunena amenewa. Chimatsatira n'chiyani? Onse amatsitsa mawu, amamverana chisoni, wina amagwira mnzake paphewa. Ndi mawu otsegulira za mumtima zomwe sizinenedwa pabwalo. Si choncho?"

Chinali choncho. Tanthauzo analipeza lenileni: izi ndi za iwe ndi ine, usakanene kwina. Koma ndinkadziwanso nkhani zomwe zinkakambidwa pakhonde paja. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa pa desiki yake m'mawa, jekete n'kutsala pampando, osaonekanso, ndipo ambiri otengedwawo anali a kumpoto ngati abwana. Pakhonde paja ankatchula mayina, ndi kunena zomwe ankaganiza za otenga anzawowo. Ndinafuna kuwachenjeza, koma sindinadziwe poyambira. Ndinangowakonzera katchulidwe ka strictly.

Lamulungu cha m'ma folo koloko, eni nyumba anakhala pakhonde kudikira tiyi. Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wa maluwa. Amayi anaika thireyi pa kathebulo, anathira tiyi m'makapu awiri, kenako m'malo mobwerera anagwada moyang'ana abwana.

"Excuse me, sir. This is strictly between us. Don't repeat it anywhere."

Anatchula mofanana ndi mwini wake, mpaka kakupuma ka pakati paja. Kapu ya abwana inalira pa sosala. Amayi anapitiriza, maso ali pansi. "My child is dead. My child is under the anthill. Please do not dig." Koma abwana sankamvanso. Anayang'ana ku geti, anayang'ana akazi awo, nkhope itatuwa ngati phulusa.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, bwana."

"Chingerezi unayamba liti kumva?"

"Chaka chomwe munabwera."

"Zonse?"

Amayi anaganiza kuti akuwayesa ngati mwana wa sukulu, ndipo sanafune kuoneka mbuli pa tsiku lotere.

"Zambiri ndithu, bwana. Makamaka za pakhonde pano, poti mumalankhula mofatsa."

Adona anadzuka, mpando n'kugwa. "Njoka! Zaka ziwiri uli duu ngati chitsa, makutu ali tcheru! Norman, get rid of her. Today."

"Amenewonso ndawamva, adona," amayi anatero m'Chichewa. "Ndi a mphaka uja."

Sananene mwachipongwe. Koma anthu awiri aja anazindikira kuti alibenso chilankhulo chobisalamo. Adona anatsegula pakamwa, abwana n'kuwagwira dzanja mwamphamvu. Munthu womudziwa zako za pakhonde sumuthamangitsa ali wokwiya. Ku tauni kunali maofesi omwe ankalandira bwino anthu otere.

"Mukufuna chiyani, a Naphiri?" abwana anafunsa. Aka kanali koyamba kuwamva akuti inu.

"Chulu, bwana."

"Chulu basi?"

"Basi."

Abwana anawayang'ana nthawi yaitali, kufunafuna chomwe chabisala kuseri kwa chulucho. Sanakhulupirire kuti munthu angasunge Chingerezi zaka ziwiri chifukwa cha mulu wa dothi.

"Chabwino. Sichikumbidwa."

Lolemba m'mawa a Zikhale anafika ndi piki yawo yonolanola, n'kuuzidwa kuti akadule kapinga. Anadutsa pa sinki akung'ung'udza. "Mankhwala anu ndi a kuti, a Naphiri? Mundigawireko, nanenso ndikwezedwe kukhala inu."

Wochotsedwa ndinali ine. Adona sakanatha kukhudza amayi, ndiye anakhudza mphunzitsi wawo. Anandipatsa mpaka dzuwa kulowa. Ndinamanga katundu m'chitenje n'kutsikira ku tauni yakale, komwe mnzanga wa kusukulu anandisunga ku Kawale, ndipo patapita mwezi ndinapeza ntchito yoyeza nsalu m'sitolo ya Mmwenye pafupi ndi msika. Makina otayipira sindinawagwirebe.

Amayi ndinkakumana nawo Lachitatu, akabwera ku msika kudzagula nyama ya eni nyumba. Tinkakhala pa khonde la sitolo mphindi zochepa. Anandiuza kuti a Felton anasiya kubwera. Eni nyumba akafuna kukambirana ankakweza wailesi mpaka kumapeto, kapena ankakakhala m'galimoto mu galaja, magalasi otseka. Loko wa pa kabati ya shuga anachotsedwa, kapu yachitini inasowa pa msomali, n'kubwera yadothi ya maluwa. Amayi sankamweramo. Adona akawapeza m'khitchini ankatuluka, akawapeza pabalaza ankaima pakhomo mpaka amalize kupukuta. Abwana anaonda. Galimoto yachilendo ikaima pa geti ankayang'ana amayi, osati galimotoyo.

"Chimandiwawa n'chimodzi," anatero tsiku lina, akukonza nyama m'dengu. "Ndinaswa mwambo, ndinanyamula mwana wanga pakamwa kupita naye kwa mwamuna. Iye anangomva mawu ake a pakhonde aja basi. Mpaka lero sanafunse n'komwe kuti anali wamwamuna kapena wamkazi."

"Nanga bwanji osawauza kuti palibe komwe mumakanena? Akuvutika, amayi. Abwana aja si oipa kwenikweni."

Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndikawerenga tanthauzo la m'buku.

"Ndinagwada m'khitchini, ndinapempha ngati munthu. Anandiuza za mafupa m'chitenje. Ndikawauza lero kuti ine si khutu la munthu, mawa a Zikhale ali pa chulu ndi piki. Asiye aziopa. Ine sindinaname chilichonse."

Anasenza dengu. Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho, pomwe basi ya ku City Centre inkaima.

"Adona ayamba kundipatsa moni," anatero tikudikira. "M'Chingerezi. Ndikamachokera kosesa amakhala ali pa zenera, amati gudu moning'i, Naphiri."

"Ndiye kuti mtima wayamba kutsika."

"Iwe ndi mabuku ako. Uziona maso. Moni ameneyo ndiye kuti: ukadalipo?"

"Inu mumayankha chiyani?"

"Ndimati faini, thenkyu." Basi inafika, anakweza dengu pa sitepe. "Ndiye kuti ndikadalipo, tonse awiri ndi mwana wanga."